Mwera ndi Magetsi: Kodi Mphepo ya Kunyanja Ingatiwunikire?

Mawu oyamba

Ndinabadwira ndi kukulira m'mudzi wina wa asodzi kufupi ndi Malindi, kutsidya la kuvuma kwa nyanja m'boma la Mangochi. Kwathuko mwana amadziwa mayina a mphepo asanadziwe mayina a miyezi. Mwera umachokera kummwera m'nyengo yozizira, kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Mpoto umabwera m'nyengo ya mvula. Vuma imatsika kuchokera kumapiri a kuvuma dzuwa likayamba kutentha. Mwa mphepo zonsezi, yomwe timaiopa kwambiri ndi mwera, chifukwa ukakwiya palibe bwato lomwe limalowa m'madzi.

Chaka cha 2017 ndinali Sitandade 8. Mu Julayi mwera unawomba masiku ambiri motsatizana ndipo amalume anga, omwe ndi asodzi, anangokhala pagombe kumasoka makoka. Chakumapeto kwa chaka chomwecho nyanja inadekha, nsomba zinayamba kupezeka, koma magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse kotero kuti ayisi anasowa. Amayi anga, omwe amapikula nsomba kukagulitsa kumsika, anataya madengu awiri a utaka wowola pa sabata imodzi. Ndalama imeneyo inali ya yunifolomu ndi makope anga. Madzulo a tsiku lina amalume anandiuza kuti, "Mphwanga, mu Julayi mphepo inatitsekera nyanja, lero magetsi atitsekera msika. Iwe wapita kusukulu, tandiuza, zinthu ziwirizi sizingathandizane?"

Nthawi imeneyo ndinalibe yankho. M'nkhani ino ndiyesa kuyankha funso la amalumewo. Ndifotokoza komwe magetsi athu amachokera, mmene makina akuluakulu opukusa magetsi ndi mphepo amagwirira ntchito, zimene zayesedwapo kale m'Malawi, phunziro lomwe tingatenge ku Kenya, komanso zimene ziyenera kuchitika ntchito yotere isanafike ku Mangochi. Ine ndine wophunzira wa chiyankhulo ndi zolembalemba, choncho pomaliza ndikambapo za mbali ya chiyankhulo pa nkhaniyi.

Komwe magetsi athu amachokera

Munthu akaima pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi n'kuyang'ana pansi, madzi amene akuwaonawo ndiwo magetsi a dziko lino. Mtsinje wa Shire umatuluka m'Nyanja ya Malawi chakumtunda pang'ono kwa mlathowo, umadutsa m'Nyanja ya Malombe, n'kukafika pa Liwonde pomwe pali Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chomwe chinamangidwa mu 1965. Kuchokera pamenepo madzi amatsika m'mathithi ndipo amapukusa magetsi pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Siteshoni ya Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966. Kapichira inatsegulidwa mu 2000 ndipo itakulitsidwa inafika pa mamegawati pafupifupi 130. Tedzani IV, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, inatha mu 2021. Kuyambira mu 2017 ntchito yopukusa magetsi ili m'manja mwa EGENCO, pomwe ESCOM imagula magetsiwo ndi kuwagawa.

Vuto lake ndi loti masiteshoni onse akuluakuluwa ali pa mtsinje umodzi. Mvula ikavuta zaka ziwiri motsatizana, monga zinachitikira mu 2015 ndi 2016, nyanja imaphwa, Shire amachepa mphamvu, ndipo dziko lonse limagona mumdima. Izi ndi zomwe zinawoletsa utaka wa amayi anga mu 2017. Mvula ikachulukanso pamabwera vuto lina. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira ndipo mamegawati onse 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Ine ndinali Folomu 4 ndipo mayeso ndinawakonzekera ndi tochi ya mabatire. Palinso namasupuni ndi zinyalala zomwe zimatseka makina, komanso matope omwe amakokoloka m'mapiri omwe tinadula mitengo yake.

Mbiri ikutichenjeza za choopsa china chachikulu. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri mwakuti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula. Zoterezi zitachitikanso lero, zipatala, mafakitale ndi mipopi ya madzi m'mizinda zingaime.

Ngakhale madzi atakhala okwanira, magetsiwo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankawunikira nyumba zawo ndi magetsi. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse ankaphikira nkhuni kapena makala. Kwathu kunyanja timawotchanso nkhuni zambiri powamba nsomba. Mitengo ikatha, matope amapita mu Shire, magetsi amachepa, anthu amabwerera ku makala. Motero vuto limodzi limabala linzake.

Dziko layamba kale kufuna njira zina. Ku Salima kunatsegulidwa malo opanga magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kunatsegulidwa ena a mamegawati 20 mu 2022, omwe ali ndi mabatire osungira magetsi. Izi zathandiza masana. Koma dzuwa limalowa pa nthawi yomwe anthu amaweruka kuntchito n'kuyamba kuyatsa magetsi m'nyumba. Mphepo ilibe malire oterewa, imatha kuwomba masana ndi usiku womwe.

Mmene makina a mphepo amagwirira ntchito

Amene anakwerapo njinga yokhala ndi dayinamo amadziwa kale chinsinsi cha makinawa. Gudumu likamazungulira, limazunguza kamutu ka dayinamo, m'katimo maginito amazungulira pafupi ndi mawaya okulungidwa, ndipo nyali imayaka. Pa Nkula chomwe chimazunguza makina ndi madzi. Pa makina a mphepo chomwe chimazunguza ndi mphepo.

Makina amodzi amakhala ndi zigawo zitatu zikuluzikulu. Choyamba ndi nsanja yachitsulo yomwe imaima pa maziko a konkire, ndipo ya masiku ano imatha kutalika mamita 100 kapena kuposa. Chachiwiri ndi mapiko atatu. Mapikowa amawapanga mofanana ndi phiko la ndege, kotero kuti mphepo ikamadutsa, mpweya umakanikiza mbali imodzi kuposa inzake ndipo phikolo limakankhika n'kuyamba kuzungulira. Chachitatu ndi kanyumba kapamwamba pa nsanja momwe muli jenereta. Mapiko amazungulira pang'onopang'ono, choncho makina ambiri amakhala ndi magiya omwe amawonjezera liwiro lisanafike ku jenereta. Kanyumbako kamatembenuka kokha kuti mapiko ayang'ane komwe mphepo ikuchokera. Magetsi amatsika ndi mawaya m'kati mwa nsanja, amalowa mu thiransifoma, kenako amalumikizidwa ku nthambo zikuluzikulu.

Pali malamulo awiri a sayansi omwe amalongosola chifukwa chake makinawa amakhala aakulu chotere. Loyamba likukhudza liwiro la mphepo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu, chifukwa liwirolo timalichulukitsa ndi lokha katatu. Mwachitsanzo, mphepo ya mamita 5 pa sekondi imatipatsa 5 kuchulukitsa 5 kuchulukitsa 5, zomwe ndi 125. Mphepo ya mamita 6 pa sekondi imatipatsa 216. Kusiyana kwa mita imodzi yokha kwawonjezera mphamvu ndi zoposa theka. N'chifukwa chake malo awiri oyandikana akhoza kusiyana kwambiri phindu lake, ndiponso n'chifukwa chake nsanja imatalika, pakuti kumwamba mphepo imathamanga kuposa pansi pomwe mitengo ndi nyumba zimaitchinga.

Lamulo lachiwiri likukhudza kutalika kwa mapiko. Mapiko akamazungulira amajambula bwalo, ndipo mphepo yonse yodutsa m'bwalolo ndiyo chakudya cha makinawo. Phiko likatalika kawiri, bwalolo limakula kanayi. Makina omwe phiko lake ndi la mamita 75 amajambula bwalo loposa mabwalo awiri a mpira wa miyendo. Makina amodzi otere amatha kupukusa mamegawati 4 kapena 5. Komabe palibe makina omwe angatenge mphamvu yonse ya mphepo, chifukwa atatero mphepoyo ingaime kumbuyo kwake n'kutseka njira ya inzake. Katswiri wa ku Germany, Albert Betz, anawerengera mu 1919 kuti malire ake ndi pafupifupi magawo 59 mwa 100.

Makina ambiri amayamba kupukusa magetsi mphepo ikafika mamita 3 kapena 4 pa sekondi, amafika pachimake cha mphamvu zawo cha pa mamita 12, ndipo amadziimitsa okha ikafika mamita 25 pa sekondi poopa kuthyoka. Apa ndi pomwe ife a kunyanja timasokonezeka. Timaganiza kuti mphepo yabwino ndi yomwe imasasula madenga. Makina amafuna mphepo yokhazikika, yowomba maola ambiri pa chaka. Tiyerekeze kuti taika makina okwana mamegawati 50 pamalo pomwe pa chaka chonse amatulutsa magawo 30 mwa 100 a mphamvu zawo. Ndiye kuti zili ngati tili ndi siteshoni ya mamegawati 15 yoyaka usana ndi usiku. Pamalo pa mphepo yofooka chiwerengerochi chimatsika, pomwe mtengo wa makina sunasinthe, ndipo magetsi ake amadula.

Zimene zayesedwapo m'Malawi

Nkhani ya mphepo ndi magetsi ikatchulidwa, aliyense amakumbukira William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Iye anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina ake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, mapaipi apulasitiki, zitsulo za njinga ndi dayinamo, atawerenga mabuku a mulaibulale ya kumudzi. Nkhani yake inalembedwa m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaipangira kanema. Makina a Kamkwamba ankayatsa mababu ochepa ndi wailesi. Anaonetsa dziko lonse kuti nzeru zilipo kumudzi, koma sangayendetse chigayo kapena fakitale ya ayisi.

Cha m'ma 2007 ndi 2008 boma linaika magetsi a dzuwa ophatikiza ndi timakina ta mphepo m'midzi ingapo, monga Elunyeni ku Mzimba ndi Chigunda ku Nkhotakota. Ambiri mwa malo amenewa anasiya kugwira bwino ntchito patapita zaka zochepa. Mabatire anatha mphamvu, zipangizo zosinthira zinasowa, ndipo ndalama zomwe anthu ankasonkha zinali zochepa poyerekeza ndi mtengo wokonzera. Phunziro lake ndi loti kugula makina n'kosavuta kusiyana ndi kuwasamalira zaka makumi awiri.

Kafukufuku wa mphepo yemwe wachitika m'dziko muno waloza kwambiri kumapiri a kumpoto, makamaka m'maboma a Mzimba ndi Rumphi, ndipo kwa zaka zingapo pakhala ganizo loika makina akuluakulu ku Mzimba. Palinso mapu a mphepo a dziko lonse lapansi otchedwa Global Wind Atlas, omwe anakonzedwa ndi sukulu ya ukachenjede ya zaumisiri ya ku Denmark mogwirizana ndi World Bank, ndipo aliyense akhoza kuwaona pa intaneti. Mapu otere amangolozera pomwe munthu angayambire kufufuza. Banki siingabwereketse ndalama chifukwa cha mapu okha.

Phunziro la ku Turkana

Chitsanzo chomwe chili pafupi ndi ife m'maonekedwe chili ku Kenya. Nyanja ya Turkana ili m'chigwa chachikulu chomwecho cha Rift Valley momwe mulinso Nyanja ya Malawi. Kummwera chakuvuma kwa nyanjayo, kufupi ndi Loiyangalani m'dera la Marsabit, mphepo imapanikizika pakati pa mapiri awiri ndipo imawomba pa liwiro la mamita pafupifupi 11 pa sekondi chaka chonse. Kumeneko anaikako makina 365 a kampani ya Vestas ya ku Denmark, alionse a makilowati 850, ndipo onse pamodzi amakwana mamegawati 310. Mphamvu imeneyi ndi yoposa Kapichira kawiri. Pulezidenti Uhuru Kenyatta anatsegulira malowa mu Julayi 2019.

Pali zinthu zitatu zomwe tingaphunzire pa ntchito imeneyi. Choyamba ndi msewu. Zipangizo zinkachokera kudoko la Mombasa, ndipo anayenera kukonza msewu wa makilomita oposa 200 kuti magalimoto afike. Anasankhanso makina ocheperako, a mapiko a mamita pafupifupi 25, omwe ndi osavuta kunyamula ndipo amapirira mphepo yamphamvu.

Chachiwiri ndi nthambo zonyamula magetsi. Makina onse anatha kuikidwa mu 2017, koma nthambo za makilomita oposa 400 zopita ku Suswa zinatha mu Seputembala 2018. Kwa nthawi yoposa chaka makina anangoima, ndipo malinga ndi mgwirizano dziko la Kenya linayenera kulipira ndalama zambiri pa magetsi omwe palibe anawagwiritsa ntchito.

Chachitatu ndi malo. Anthu oweta ziweto a m'deralo anakasuma kuti malo awo anaperekedwa popanda kutsata malamulo, ndipo mu 2021 khoti loona za malo ndi chilengedwe ku Meru linagamula kuti zikalata za umwini wa malowo zinaperekedwa molakwika. Makina anapitiriza kuzungulira, koma mlanduwo unasonyeza kuti magetsi aukhondo akhoza kubwera ndi misozi ngati eni nthaka sanafunsidwe bwino. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Kenya si yokha. Ku Ethiopia malo a Ashegoda a mamegawati 120 anatsegulidwa mu 2013. Ku Senegal kuli Taiba N'Diaye komwe makina 46 amapukusa mamegawati oposa 150. Maiko amenewa si olemera, choncho sitinganene kuti ntchito yotere ndi ya azungu okha.

Nanga ku Mangochi zingatheke?

Tiyambe ndi chomwe chimapereka chiyembekezo. Mwera umabadwa chifukwa m'nyengo yozizira mpweya wolemera umaunjikana kummwera kwa Africa ndi pa Nyanja ya Indian, n'kumakankhira mphepo chakumpoto. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo yagona kuchokera kummwera kupita kumpoto pakati pa mapiri, choncho mphepoyo imapeza mpita wopanda chotchinga. Mphamvu yake tonse timaidziwa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja chifukwa cha namondwe ndipo anthu 145 anamwalira. Chaka chilichonse nthambi ya boma yoona za nyengo imachenjeza asodzi pa wailesi mwera ukayandikira.

Ubwino wina ndi nyengo yomwe mwera umawomba. Nyanja imadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imayamba kutsika mpaka mvula itayambanso. Mwera umawomba m'miyezi yoyamba ya kutsikako. Ngati mphepo ingapereke gawo la magetsi mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, oyang'anira Kamuzu Barrage akhoza kusungako madzi ena oti adzathandize mu Okutobala ndi Novembala pomwe mavuto amakula. Madzi ambiri a m'nyanja amauma ndi dzuwa kusiyana ndi omwe amatuluka mu Shire, ndipo kumunsi kuli minda yothirira yomwe imafunanso madzi, choncho kusungaku kuli ndi malire. Komabe mphepo ndi madzi zimagwirizana bwino, chifukwa mphepo ikaleka mwadzidzidzi makina a madzi amatha kuwonjezera mphamvu pa mphindi zochepa.

Tsopano tione zovuta. Choyamba, mafunde aakulu si umboni wokwanira. Mafunde amakula malinga ndi mtunda womwe mphepo yayenda pamwamba pa madzi, ndipo mwera umawomba masiku angapo n'kupuma. Kuti tidziwe zoona pafunika kuimika nsanja zoyezera mphepo zotalika ngati makina enieniwo, n'kuyeza kwa chaka chathunthu kapena ziwiri. Malo oyenera kuyezedwa ndi monga mapiri a ku Namwera, zitunda za m'mphepete mwa nyanja kulowera ku Makanjira, ndi zitunda za kwa Nankumba. Zotsatira zake zikhoza kutikondweretsa kapena kutikhumudwitsa, ndipo tiyenera kuzilandira mmene zilili. Zikaonetsa kuti Mzimba ndiye ali ndi mphepo yabwino, makina apite ku Mzimba. Magetsi ake adzafikabe ku Malindi kudzera pa nthambo, monga a pa Nkula amafikira ku Karonga.

Chachiwiri ndi mayendedwe. Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Mapiko ayenera kudzera ku Nacala kapena ku Beira m'dziko la Mozambique. Amene anakwerapo msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Namwera ndi ku Chiponde amadziwa mmene umakhotakhotera. Galimoto yonyamula phiko la mamita 75 siingakhote pamakona amenewo popanda kukulitsa msewu. Mwina tidzayenera kutengera nzeru ya ku Turkana yosankha makina ocheperako.

Chachitatu ndi nthambo. Siteshoni yaikulu yogawa magetsi yomwe ili pafupi ndi dera lathu ndi ya Phombeya ku Balaka, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la America pakati pa 2013 ndi 2018. Pamenepa ndi pomwe pakuthera nthambo zolumikiza Malawi ndi Mozambique kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete. Kulumikizana ndi maiko ena kumathandiza magetsi a mphepo, chifukwa akachuluka tikhoza kugulitsa, akachepa tikhoza kugula. Koma kuchokera ku Namwera kukafika ku Phombeya pafunika nthambo zamphamvu, ndipo zimangidwe makina asanafike.

Chachinayi ndi ndalama. Mphepo ndi yaulere, koma makina amagulidwa ndi madola, ndipo pafupifupi mtengo wonse umalipiridwa ntchito isanayambe kubala phindu. Kampani yomanga imasainirana ndi ESCOM mgwirizano wa zaka zambiri wogula magetsi, womwe bungwe la MERA limayenera kuvomereza. Ife ogula timalipira makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi magawo 44 mwa 100 tsiku limodzi. Zoterezi zikachitika, ngongole ya madola imalemera ndipo mtolowo umagwera wogula. Ubwino wake ndi woti makina akaima safuna dizilo, pomwe majenereta omwe dziko linabwereka mu 2018 ankamwa madola tsiku ndi tsiku.

Chachisanu ndi chilengedwe. Mapiko amapha mbalame ndi mileme ngati makina aikidwa panjira yawo. Kunyanja kwathu kuli nkhwazi, mbalame yomwe ili pa chizindikiro cha dziko lino. Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi mu 1984. Alendo omwe amabwera kumeneko amadyetsa mabanja ambiri. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu iliyonse iyambe yaunikidwa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo pamalo ngati amenewa kuunikako kuchitike mosathamanga.

Mbali ya chiyankhulo

Wina akhoza kufunsa kuti wophunzira chiyankhulo akufunanji pa nkhani ya mainjiniya. Yankho langa lili pa mlandu wa ku Turkana. Ntchito yotere ikadzabwera, padzakhala misonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndipo mafumu ndi anthu awo adzafunsidwa kuti apereke malo. Zikalata za mgwirizano ndi malipoti a zachilengedwe zimalembedwa m'Chingerezi. Ku Mangochi anthu ambiri amayankhula Chiyao pakhomo ndi Chichewa kumsika. Agogo anga mphepo amaitchula kuti mbungo. Munthu sangavomereze ndi mtima wonse chinthu chomwe sanachimve m'chiyankhulo chake.

Ndinayesa kufotokozera agogo za makinawa pa tchuthi chapitachi. Nditati "makina a mphepo" iwo anaganiza za fani yoziziritsa m'nyumba, yomwe imadya magetsi n'kutulutsa mphepo. Ndinachita kunena kuti ndi fani yotembenuza, yodya mphepo n'kutulutsa magetsi, ndipo apo ndi pomwe anagwedeza mutu. Kenako anandifunsa mafunso atatu: "Kodi pansi pakepo tidzalimabe chinangwa? Kodi chimalira usiku? Nanga magetsiwo adzayamba kuyaka kuno kapena ku Blantyre?" Funso loyamba yankho lake ndi inde, chifukwa maziko ndi misewu zimatenga gawo lochepa la malo. Lachiwirinso ndi inde, mapiko amamveka kuwomba, n'chifukwa chake makina amaikidwa patali ndi nyumba. Lachitatu silingayankhidwe ndi sayansi. Liyenera kulembedwa mu mgwirizano anthu asanapereke malo.

Mawu monga kubwereketsa malo, kugulitsa malo ndi chipukutamisozi ali ndi matanthauzo osiyana, ndipo womasulira akasokoneza limodzi banja likhoza kutaya munda wa makolo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, koma makomitiwo adzagwira bwanji ntchito ngati zikalata sakuzimva? Apa pali ntchito ya ife ophunzira ziyankhulo pamodzi ndi Centre for Language Studies ya kuno ku Zomba. Tiyenera kukhala pansi ndi mainjiniya ndi asodzi, tigwirizane mawu omveka a zigawo za makinawa ndi a miyeso ya magetsi, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Asodzi nawonso ali ndi chopereka. Amalume amadziwa chigwa chomwe vuma imatsikira ndi ola lomwe mwera umayamba kulimba. Nzeru zimenezi sizingalowe m'malo mwa nsanja yoyezera, koma zikhoza kuuza woyeza pomwe angaimike nsanjayo.

Mawu otsiriza

M'nkhani ino ndasonyeza kuti magetsi athu adalira mtsinje umodzi kwa zaka pafupifupi 60, ndipo chilala cha 2015 ndi 2016 komanso namondwe wa 2022 zinaonetsa kuopsa kwake. Ndafotokoza kuti makina a mphepo amafuna mphepo yokhazikika, nsanja zazitali ndi mapiko aatali, ndiponso kuti ntchito ya ku Turkana inatheka koma inapunthwa pa nthambo ndi pa malo. Ku Mangochi mwera ulipo ndipo umawomba pa nyengo yothandiza, koma choyambirira ndi kuuyeza. Nsanja yoyezera ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi makina amodzi, ndipo ndi pempho lomwe khonsolo ya boma la Mangochi ndi aphungu athu angalipereke ku unduna woona za mphamvu popanda kudikira wina.

Nditapita kwathu ndinawauza amalume zonsezi tili pagombe. Anamvetsera mpaka kumapeto akusoka khoka lawo, kenako anati, "Ndiye ukuti ayambe ayeza chaka chathunthu? Chabwino. Ukawaona anthu akewo uwauze abwere mu Juni, ndikawaonetse paphiri pomwe mphepo siigona." Ndinawalonjeza kuti ndidzalemba zimenezi kuti ena awerenge, ndipo nkhani ino ndi chiyambi cha lonjezolo.